Wodwala Chifuwa Chachikulu Akayamba Kukhala Chete

Mafumu athu ndi nyakwawa, azibusa ndi akatekisiti, anamwino, inu a APE amene mumazungulira midzi chikwama cha mankhwala chili kumsana, amayi ndi abambo, ena mwachokera ku Mualadzi, ena ku Nsadzu, ena mwadzera msewu wa ku Cassacatiza, ndipo ndikudziwa kuti mwasiya fodya m'zigafa ndi ntchito zina m'minda kuti mudzakhale pano pa Chifunde. Sindikutayirani nthawi.

Za kachilombo ka chifuwa chachikulu, TB monga timanenera kuchipatala, ambirinu mwamva kambirimbiri. Pa 24 Malichi 1882, mumzinda wa Berlin, Robert Koch analengeza kuti wakapeza kachilombo koyambitsa matendawa, n'chifukwa chake dziko lonse limawakumbukira pa 24 Malichi chaka ndi chaka. Papita zaka zoposa 140. Mankhwala ochiza alipo, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Miyezi iwiri yoyamba munthu amamwa mitundu inayi yophatikizidwa pamodzi, isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi inayi amapitiriza ndi iwiri yoyambayo. Makina a GeneXpert amapeza kachilombo m'makhololo pa maola awiri okha. Komabe bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2023 anthu 10.8 miliyoni anadwala TB padziko lonse, ndipo 1.25 miliyoni anamwalira. Mozambique ali m'gulu la maiko 30 amene matendawa anamanga nthenje, moti chaka chilichonse anthu oposa 100,000 amadwala m'dziko muno.

Tikamafuna chifukwa chake, chala chathu chimathamangira kwa wodwala. Timati uje ndi wosamva, anathawa mankhwala, ndipo m'kaundula timalemba kuti wasowa. Lero ndabwera ndi mawu amodzi. Pakati pa anthu amene timawatcha osamvawa pali ambiri amene akudwala matenda achiwiri, matenda ovutika maganizo, ndipo palibe anawafunsapo. Amenewa tikapanda kuwachiza, mapiritsi a chifuwa, ngakhale akhale abwino chotani, amangotsala m'kathumba kumutu kwa mphasa.

Ndisiyanitse kaye. Kudandaula aliyense amadandaula. Mbuzi zikafa, mwana akalephera mayeso, fodya akagulidwa motchipa, mtima umawawa, koma pakapita masiku munthu amadzuka n'kugwira khasu. Maliro nawo ali ndi njira yake: timalira, timaika, timameta, moyo n'kupitirira. Matenda ovutika maganizo ndi ena. Munthu amakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposa. Zimene zinkamukomera zimasukuluka, kaya ndi bawo pansi pa mtengo, kwaya, mpira wa pa wailesi, ngakhale mdzukulu amene ankamunyamula. Tulo timamuthawa, kapena amadzidzimuka tambala asanalire n'kumangoyang'ana tsindwi mpaka kucha. Amadziona wachabechabe, mtolo kwa anzake. Ena amafika poganiza kuti kufa ndiye kupuma. Sachita dala. Amene amati ndi ulesi, misala kapena kulodzedwa amamuwonjezera katundu. Ndi matenda, ndipo amachizika.

Munthu wotere kawirikawiri sabwera n'kunena kuti wavutika maganizo. Amati, "Ndikuganiza kwambiri." Amati, "Mtima ukungothamanga," kapena, "Thupi lonse laphwanya, mutu ukuwotcha." Wina amangoti, "Ndatopa ine," n'kuwerama. Ndiye vuto lathu ndi lakuti zizindikiro zina, monga kuonda, kukana chakudya, kufooka ndi kusowa tulo, n'zomwezomwezo za chifuwa. Namwino akaona zimenezi amati ndi TB basi, achira. Koma yang'anitsitsani pa mwezi wachiwiri. Mankhwala akagwira, kutsokomola kumachepa, thukuta la usiku limatha, njala imabwerera, sikelo imakwera, munthu amayambanso kufunsa za kumunda. Ngati makhololo ayera, thupi labwerako, koma mwini thupiyo akadali khale kuseri kwa nyumba nkhope ili pansi, dziwani kuti pali china. Mzati wa nkhokwe umatha kuoneka wolimba kunja chiswe chitaudya kale m'kati.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza. Mu 2017, Ai Koyanagi ndi anzake anasanthula mayankho a anthu a m'maiko 48 osauka ndi ongotukuka kumene. Mwa anthu opanda TB, pafupifupi 7 pa 100 alionse anali ndi matenda ovutika maganizo. Mwa odwala TB anali pafupifupi 24 pa 100, kuposa katatu. Ku Ethiopia, Fentie Ambaw ndi anzake anatsatira odwala TB 648 kuyambira tsiku loyamba mankhwala, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018 m'magazini ya WHO. Oposa theka anapezeka ndi zizindikiro za kuvutika maganizo poyambirira penipeni. Pofika kumapeto, mwa ovutika maganizowo anamwalira pafupifupi 8 pa 100, pomwe mwa enawo anamwalira pafupifupi 2. Osiya mankhwala panjira nawo anachuluka mbali yomweyo. Onsewa ankalandira mapiritsi amodzimodzi, kuzipatala zomwezo.

Tiyeni timuyandikire munthu mmodzi, wa mtundu umene nonse mumaudziwa. Ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira m'mudzi wa eni ake monga mwa mwambo wathu Achewa. Ulemu wake pamudzipo uli m'manja mwake: amalima, amafolera nyumba, amamangira apongozi nkhokwe. Chaka chino anatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole kuti alime fodya. Chifuwa chamuyamba mu Disembala, nthawi yowokera. Wayamba wagula mapiritsi a m'golosale, wapita kwa asing'anga, ndipo kuchipatala wafika mu Febuluwale nthiti zikuwerengeka. Amuuza kuti ndi TB. Pobwerera kumudzi wapeza nkhani yafika kale. Madzulo ake nsima amuikira pambale yakeyake, kapu yake aimanga kachingwe kuti isasokonezeke ndi zina, mphasa amuyalira m'kakhitchini. Ana awauza kuti asamamuyandikire. Alamu ake, amene dzana ankamwa nawo chipanda chimodzi, akumupatsa moni ali chapatali. Fodya wamera udzu, ngongole ikudikira. Usiku akumva mawu kuseri kwa mpanda: "Munthuyu abale ake adzamutenge, asatifere pano."

Ndikufunseni, abambo anzanga. M'mawa mwake munthu ameneyu adzuka ndi mphamvu yanji yoti ameze mapiritsi m'mimba mopanda kanthu, mkodzo n'kumafiira, mfundo n'kumawawa? Achirira yani?

Kwa mayi zimapweteka mwina. Chifuwa chosatha ndi kuonda makolo athu ankaziika m'gulu la tsempho kapena mdulo, ndipo mdulo nthawi zonse umafuna wolakwa. Wina anathira mchere pa nthawi yosayenera, wina anayenda kumbali. Pamwamba pa matenda pamabwera mlandu, ndipo mlanduwo kawirikawiri umagwera mkazi, kaya wadwala ndi iyeyo, kaya ndi mwamuna wake, kaya ndi mwana. Amamuletsa kuphika, ena amamulanda khanda kuti asayamwitse, chonsecho mayi amene akumwa mankhwala a TB akhoza kuyamwitsa bwinobwino. Masiku ano pawonjezeka china. Popeza TB imakonda kugwira anthu amene ali ndi HIV, munthu akangotsokomola n'kuonda, pachitsime amatsinana n'kumati ndi kaja. Alipo ambiri odwala TB amene alibe HIV, ndipo ngakhale amene ali nako amachira TB n'kukhala moyo wautali pa ma ARV. Koma mayi amene wamva manong'onong'o aja amasiya kupita kuchitsime nthawi imene anzake amapita, kenako amasiya kutchalitchi, kenako amasiya kutuluka.

Pali nkhani ya ndalama. Mankhwala ndi aulere, koma minibasi ya chapa ndi njinga yamoto sizaulere, ndipo m'boma lathu lino midzi ina ili kutali ndi chipatala, mvula ikagwa mitsinje ya Luia ndi Capoche n'kudzaza ulendo umalephereka. Mankhwala akayamba kugwira amadzutsa njala yaikulu, ndipo ikadzuka mu Januwale kapena Febuluwale imapeza nkhokwe ili gwa. Munthu amachita manyazi kupempha nsima yachiwiri ana asanakhute. Ganizirani anyamata athu okumba golide. Fumbi la miyala limawononga mapapo n'kutsegulira TB khomo, ndipo akadwala amadwalira kumsasa, kutali ndi amayi awo, pakati pa anzawo amene sangasiye dzenje kuti adwazike munthu. Chotonthoza chimene chili pafupi ndi kachasu, amene amawononga chiwindi chomwe chikulimbana kale ndi mapiritsi, n'kumizanso mtima pansi.

Tisaganize kuti zonse zimachokera kwa anthu. Thupi likamalimbana ndi kachilombo kwa miyezi, chitetezo chake chimatulutsa timadzi tomenyera nkhondo, ndipo timadzi tomweto timafika ku ubongo n'kusokoneza tulo, chilakolako cha chakudya ndi chimwemwe. Mankhwala enanso ali ndi mbali yawo. Cycloserine, amene amaperekedwa kwa ena mwa odwala TB yosamva mankhwala, amadziwika kuti amatha kubweretsa kuvutika maganizo, kusokonezeka mutu, ngakhale maganizo odzipha. Efavirenz, amene anali m'ma ARV kwa zaka zambiri, ankabweretsa maloto oipa ndi kukhumudwa kwa ena, ndipo kuyambira cha m'ma 2019 ambiri anawasinthira ku dolutegravir. Choncho wodwala akasintha khalidwe atangoyamba mankhwala atsopano, musafulumire kunena kuti wagwidwa ndi mizimu. Mubweretseni, pamodzi ndi mapaketi onse amene akumwa.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali mbiri ina imene imandikhudza. Mu 1952, pachipatala cha Sea View ku New York, madokotala ankayesa mankhwala awiri atsopano a TB, isoniazid amene timamwa mpaka lero, ndi m'bale wake iproniazid. Anaona kuti odwala amene anali atataya mtima ayamba kudya, kuseka, ena mpaka kuvina m'makonde a chipatala. Pofika 1957, dokotala Nathan Kline anayesa iproniazid pa anthu ovutika maganizo amene analibe TB, ndipo ambiri anapepukidwa. Umo ndi mmene anapezekera amodzi mwa mankhwala oyambirira a matenda ovutika maganizo. Iproniazid anasiyidwa pambuyo pake chifukwa ankawononga chiwindi, koma khomo linali litatseguka. Chithandizo chimenechi chinabadwira m'wodi ya chifuwa chachikulu, chifukwa madokotala aja ankayang'ana nkhope za odwala, osati zithunzi za mapapo zokha. Zimandipweteka kuti patapita zaka zoposa 70 ife tikutha kumupima munthu miyezi isanu ndi umodzi osamuyang'ana kumaso.

Mumadziwa mmene zimakhalira pa mzere. "Mukumwa mankhwala?" "Eee." "Mukutsokomolabe?" "Pang'ono." "Kwerani pa sikelo." Namwino achonga pakhadi, apereka mapiritsi, aitana wotsatira. Sindikudzudzula anamwino. Namwino mmodzi amaona amayi oyembekezera, ana a malungo, a ma ARV ndi a TB tsiku limodzi, ndipo amatuluka dzuwa litapendeka asanadye. Koma zotsatira za kusafunsa n'zolemera. Wovutika maganizo amaiwala mapiritsi, amaphonya tsiku lobwera, amati ndimwerenji. Akamamwa modumphadumpha kachilombo kamaphunzira kupirira isoniazid ndi rifampicin, ndiye TB yosamva mankhwala ija. Ngakhale WHO mu 2022 inavomereza chithandizo chatsopano cha miyezi isanu ndi umodzi cha TB yamtunduwu, chokhala ndi bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin, matendawa ndi ovuta, ndipo amapatsirana monga TB ina iliyonse. Munthu uja tinamutaya kukhitchini akayambiranso kutsokomola, oyamba kupuma mpweya wake ndi ana omwe aja tinkati tikuwateteza.

Ndikudziwa chimene akuluakulu ena akunena mumtima. Akuti ife tinaona nkhondo ya zaka 16, tinagona m'tchire, tinathawira ku Malawi, ena ku Ukwimi m'dziko la Zambia, tinabwerako pangano la mtendere la ku Roma litasainidwa pa 4 Okutobala 1992 n'kupeza midzi ili mabwinja, koma tinalimba. Ana a lero akuvutika maganizo ndi chifuwa chabe? Gogo, ndikulemekeza zimene munapirira. Koma kumbukirani bwino. Kodi panalibe amene anabwerako thupi lokha? Amene anangoti zii mpaka imfa, amene anamira m'mowa, amene anapezeka atadzichotsera moyo ife n'kumati alodzedwa? Matendawa analipo, sitinkawatchula chabe. Ndipo inu amene munapulumuka, munapulumuka chifukwa munali gulu. Munkagawana ufa, munkalirira limodzi. Wodwala TB wa lero timamuuza kuti alimbe mtima, eti mwamuna salira, titamuchotsera chinthu chomwecho chimene chinakulimbitsani inu.

Nanga tichitenji ndi zochepa zimene tili nazo?

Anamwino ndi a APE, pali mafunso awiri amene amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo satenga mphindi zitatu. Loyamba: pa milungu iwiri yapitayi, kodi mwakhala osasangalala ndi zinthu zimene kale zinkakukomerani? Lachiwiri: kodi mwakhala osweka mtima kapena opanda chiyembekezo? Koma kafunsidwe ndiye nkhani. Mukafunsa cholembera chili m'manja, maso ali pakhadi, anthu khumi akumvetsera pakhomo, yankho lidzakhala lakuti "ndili bwino". Tsekani chitseko. Yambani ndi tulo, chifukwa za tulo munthu sachita nazo manyazi: "Bambo, usiku mukumagona?" Funsani kuti akudya ndi yani, akugona nyumba iti. Kenako khalani chete mudikire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi ija ya chete, imene timafuna kuidzaza ndi malangizo, ndi imene munthu amasonkhanitsira mawu.

Akavomera, funsani funso lachitatu, ngakhale lilemere pakamwa: "Kodi maganizo ofuna kufa kapena kudzipweteka amakubwererani?" Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa nzeru yoipa. Ofufuza anaona kuti kufunsa sikudzala maganizo amenewo, ndipo amene anali nawo kale amapepukidwa kuti wina wazindikira. Akati inde, musamukalipire, musamuuze kuti ndi tchimo, musamusiye yekha. Itanani wachibale amene iye mwini amamukhulupirira. Kuno ndi kwa alimi a fodya ndi thonje, mankhwala opopera mbewu amakhala m'nyumba zathu zomwe timagonamo. Achotsedwe tsiku lomwelo, akasungidwe kwa ena ndi kutsekeredwa. Maganizo odzipha amabwera mwamphamvu n'kudutsa, ndipo munthu amene sanapeze chodzipwetekera pa ola loipalo kawirikawiri amakhala ndi moyo. Mukatero mutumizeni msanga kwa odziwa.

Odziwawo alipo. Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ambiri ali ku Maputo, ndipo pozindikira zimenezi unduna wa zaumoyo, MISAU, unayamba mu 1996 kuphunzitsa anthu othandiza odwala maganizo, otchedwa ma técnico de psiquiatria, kuti azigwira ntchito m'maboma. Aliyense wogwira ntchito ya TB adziwe técnico amene ali pafupi naye, dzina ndi nambala ya foni, komanso njira yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu cha ku Tete zikavuta. Mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline amathandiza amene matenda awakulira, koma amatenga milungu iwiri kapena inayi kuti ayambe kumveka, ndipo wodwala auzidwiretu kuti asagwe ulesi. Chenjezo langa kwa a zachipatala ndi ili: rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi, moti amitriptyline amatha kuchepa mphamvu, ndipo linezolid akakumana ndi fluoxetine amatha kuvulaza. Wa TB ndi wa maganizo azikambirana, asamalembe aliyense payekha.

Koma ambiri safunika mapiritsi ena. Amafunika munthu wowamvetsera mwadongosolo. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006, ku Mbare mumzinda wa Harare, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi munthu woganiza kwambiri, maulendo asanu ndi limodzi. Gogo salalikira, sauza munthu chochita. Amamulola kutula mavuto onse, kenako amamuthandiza kusankha limodzi lokha limene angaliyambe sabata imeneyo, n'kupangana kuti adzaonanenso. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wawo zinatuluka m'magazini ya JAMA. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Njirayi inafika kale ku Malawi. Ine sindiona chimene chingaletse Chifunde. Anankungwi tili nawo, amayi a mvano ndi a mabungwe a mumpingo tili nawo, ma activista a zaumoyo tili nawo, ndipo koposa onse tili ndi anthu amene anadwalapo TB n'kuchira. Munthu amene anganene kuti nanenso mkodzo unafiira, nanenso ndinagona kukhitchini, lero ndikulima, mawu ake amalowa pomwe anga sangalowe. Chofunika n'kuwaphunzitsa, kuwayang'anira, ndi kuwalumbiritsa kusunga chinsinsi, chifukwa nkhani ya pa benchi ikangomveka pachitsime kamodzi palibenso adzakhalepo.

Mkamwini uja, vuto loyamba limene angasankhe mwina si chifuwa ayi. Mwina ndi fodya wa m'munda. Ndiye gogo amufunsa kuti ndani angamupalilire, iye n'kutchula mphwake ndi anzake a mumphakati. Sabata yotsatira udzu wachoka. Ngongole ikadalipo, koma munthu waona kuti chinthu chimodzi chatheka, ndipo mapiritsi a m'mawa apeza chifukwa.

Tsopano kwa inu eni mbumba, amalume, apongozi. TB imayenda mumpweya, munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, makamaka m'nyumba yotseka. Siyenda pa mbale, pa kapu, pa chipande kapena pogwirana chanza. Munthu wa TB wamba akamwa mankhwala mokhulupirika, pakatha milungu iwiri mphamvu yopatsira ena imakhala itatsika kwambiri. Pa masiku oyambawo tsegulani mawindo, azitseka pakamwa potsokomola, azikhala panja pa mphepo masana, ndipo ana aang'ono ndi onse a m'nyumbamo apite kukapimidwa, chifukwa alipo mankhwala oteteza amene sanadwale. Zimenezi ndiye chitetezo chenicheni. Kachingwe ka pa kapu sikateteza aliyense. Kamangouza munthu katatu pa tsiku kuti salinso mmodzi wa inu. Idyani naye pabwalo. Mufunseni nzeru pa nkhani za pakhomo monga kale. Akayamba kupeza mphamvu mupatseni kantchito, kaya kusoka fodya, kaya kutong'ola chimanga, kuti aone kuti akufunikabe.

Mafumu, mawu anu amamveka kumene athu safika. Nkhani ya kuthamangitsa mkamwini kapena kubweza mkazi kwawo chifukwa cha chifuwa ikafika pabwalo panu, muikane. Ndipo pa msonkhano wa mudzi nenani poyera kuti TB imachizika, kuti anthu amve kuchokera pakamwa panu.

Azibusa ndi akatekisiti, mumaidziwa nkhani ya Eliya m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19. Mneneri wamkulu uja anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha kufa. Mngelo sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamupatsa chakudya ndi madzi, namuleka agone, nabweranso kachiwiri ndi chakudya. Mkhristu wovutika maganizo musamuuze kuti sapemphera mokwanira, chifukwa akudziimba kale mlandu usiku wonse. Pitani kwawo, khalani pa mphasa yake. Pemphero lipitirire, koma ndikupempha ndi mtima wonse kuti pasapezeke wina wouza wodwala kuti wachiritsidwa, ataye mapiritsi, kapena womusalitsa kudya munthu amene thupi lake likufuna nsima. Asing'anga nanunso, wodwala amayambira kwa inu. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri mutumizeni akapimitse makhololo, ndipo mukaona kuti akulankhula zotsanzika, uzani abale ake tsiku lomwelo.

Tisaiwale odwazika. Mkazi amene akusamala mwamuna, kulima yekha, kutunga madzi ndi kumva zonena za anthu, nayenso amatha kugwa. Mukapita kukazonda, mufunseninso iyeyo kuti akugona bwanji.

Pali nthawi ina imene timaiphonya, ndiyo khadi likatsekedwa. Timalemba kuti wachira, timamuyamikira, n'kumusiya. Chonsecho ena mapapo awo amatsala ndi zipsera, moti kukwera kaphiri ndi thumba la chimanga kumawabanikitsa. Ena amapeza banja latha, mbuzi zagulitsidwa, ngongole yakula. A APE, nyumba imeneyo musaichotse pa ulendo wanu chifukwa chakuti mapiritsi atha.

Kwa a zachipatala ndili ndi pempho limene silifuna ndalama kapena kalata yochokera ku Maputo. Makhololo timawayeza poyamba, kenako pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Pa masiku omwewo tizifunsa mafunso awiri aja, ndipo yankho tizilemba m'mphepete mwa khadi ndi chizindikiro chimene tagwirizana, kuti amene adzamuone ulendo wotsatira adziwe poyambira. Wodwala akaphonya tsiku lake, amene apite kukamutsata asafikire kufunsa chifukwa chimene wathawira mankhwala. Akhale pansi, apereke moni wonse, afunse za tulo.

Tsopano ndipereke mpata kwa a APE ochokera ku Mualadzi ndi ku Nsadzu, atiuze midzi imene tingayambire kufunafuna agogo oti tiwaphunzitse.